Kunena za nkhanza zochitikira anthu aulumali ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka

Kunena za nkhanza zochitikira anthu aulumali ndi kudziwitsa apolisi, achipatala, a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena adindo ena kuti munthu waulumali akumenyedwa, akugwiriridwa, akulandidwa zinthu zake, akulekereredwa kapena kuti moyo wake uli pachiswe. Wonena akhoza kukhala mwini wakeyo, wachibale, woyandikana naye nyumba, mphunzitsi kapena wina aliyense amene waona kapena amene ali ndi chifukwa chokayikira. Ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, m'chigwa cha kunyanja m'boma la Dedza, nkhaniyi ndi yofunika kwambiri chifukwa pa Mua pali sukulu ya ana osamva ndi chipatala cha mishoni, pomwe maofesi akuluakulu a boma ali kutali, kumtunda. Malamulo a dziko la Malawi amaletsa nkhanza zoterezi, koma apolisi ndi makhothi sangachitepo kanthu pa mlandu umene sunawafike.

Dera ndi mbiri yake

Mua ili m'munsi mwa mapiri a Dedza, pafupi ndi msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka. Mtakataka ili chakumpoto kwa Mua ndipo Golomoti ili chakummwera. Derali ndi la Mfumu Yaikulu Kachindamoto, ndipo mumakhala Achewa, Angoni ndi Ayao. Anthu ambiri amadalira ulimi, usodzi ndi malonda ang'onoang'ono. Wofuna kupita pa boma la Dedza amakwera msewu wa Golomoti wopita ku Masasa, umene umadutsa m'zitunda za Khwekhwelere, kenako n'kukalowa mumsewu wa M1. Kwa munthu woyendera njinga ya olumala kapena wofunika womuperekeza, ulendowu ndi wovuta ndiponso wodula.

Mishoni ya Mua inatsegulidwa mu 1902 ndi ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers. M'zaka za m'ma 1920 pamishonipa panakhazikitsidwa malo osamalirako odwala khate. Khate likachedwa kuchizidwa limapundula zala, mapazi ndi maso, choncho Mua yakhala ikulandira anthu aulumali kuchokera kale. Lero pali chipatala cha Mua Mission ndi sukulu yogonera pomwepo ya ana osamva, imene imalandira ana ochokera m'maboma osiyanasiyana. Sukulu zina zotere zili ku Maryview m'boma la Chiradzulu, ku Mountain View m'boma la Thyolo ndi ku Embangweni m'boma la Mzimba.

Ulumali ndi chiwerengero

Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo m'Malawi ali ndi ulumali wa mtundu wina, monga kuvutika kuona, kumva, kuyenda, kulankhula, kukumbukira kapena kudzisamalira. Kalemberayu anapezanso anthu 134,636 achialubino. Boma la Dedza linali ndi anthu 830,512 m'chaka chimenecho. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, omwe ndi 16 pa 100 alionse padziko lapansi, ali ndi ulumali waukulu.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anasonyeza kuti ana aulumali amachitidwa nkhanza kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ana anzawo opanda ulumali. Zifukwa zake ndi zodziwika. Mwana wotere amadalira anthu ena pomusambitsa, pomudyetsa ndi pomuyendetsa. Nthawi zambiri amatsala yekha pakhomo ena akapita kumunda, kumsika kapena kumaliro. Akachitidwa choipa, mwina sangathe kuthawa, kukuwa kapena kufotokoza, ndipo wochita nkhanzayo amadziwa zimenezi.

Mawu enieni amene anthu amagwiritsa ntchito amathandizira vutoli. Mayina onyoza monga "chidempete", "gonthi" kapena "napweri" amachititsa munthu kuoneka ngati chinthu, ndipo dandaulo lake silitengedwa molemera. N'chifukwa chake mabungwe amalimbikitsa kunena kuti "munthu waulumali", "munthu wosamva" kapena "munthu wachialubino", kuti mawu oti munthu azikhala patsogolo.

Mitundu ya nkhanza

Nkhanza za pathupi ndi monga kumenya, kuwotcha, kumanga ndi chingwe kapena unyolo, ndi kutsekera munthu m'nyumba. Anthu odwala matenda a maganizo ndi ana amene ali ndi vuto la kaganizidwe ndiwo amamangidwa kawirikawiri, ndipo achibale amati akuwateteza kuti asasowe. Ngakhale cholinga chikhale chimenecho, kumanga munthu kumamuvulaza ndipo kumamulepheretsa kukalandira mankhwala amene akanamuthandiza.

Nkhanza zogonana ndi kugwiririra, kugwiragwira thupi popanda chilolezo ndi kukakamiza munthu kukwatiwa. Ena amachita izi pokhulupirira zabodza zoti mkazi waulumali sangakhale ndi kachilombo ka HIV, kapena kuti kugona ndi munthu wachialubino kumachiza Edzi kapena kumabweretsa chuma. Zonsezi si zoona.

Nkhanza za pachuma ndi kulanda munda, ziweto kapena katundu wamasiye, kudya ndalama za Mtukula Pakhomo zolandiridwa m'dzina la munthu waulumali, kugulitsa njinga yake kapena ndodo zake, ndi kumukhazika m'mbali mwa msewu kuti azipemphetsa ndalama zimene ena amatenga.

Nkhanza za m'maganizo ndi kunyoza, kuopseza, kubisa munthu alendo akabwera, kumudyetsera payekha, ndi kumunamizira ufiti. Odwala khunyu amasalidwa ndi anthu amene amaganiza kuti khunyu ndi lopatsirana, pomwe silipatsirana, ndipo mankhwala ochepetsa kugwa amapezeka m'zipatala.

Kulekerera ndi kulephera kupatsa munthu zinthu zofunika pamoyo pamene womusamalira angathe kutero: chakudya, madzi, zovala, ukhondo, mankhwala ndi sukulu. Apa pamafunika kusiyanitsa. Banja limene lilibe chakudya chifukwa cha chilala kapena kusefukira kwa madzi likufunika thandizo, osati chilango. Koma pakhomo pamene ana ena onse akudya ndi kupita kusukulu, waulumali yekha n'kumagona ndi njala, pamenepo pali kulekerera. Ngakhale vuto litakhala umphawi, kunena kumathandizabe, chifukwa a chisamaliro cha anthu akhoza kulumikiza banjalo ndi thandizo.

Zizindikiro

Anthu ambiri aulumali sanena okha, choncho ozungulira amayenera kuyang'ana zizindikiro. Zina mwa izo ndi zilonda kapena zipsera zimene womusamalira sakuzifotokoza bwino, mikwingwirima ya chingwe m'mikono ndi m'miyendo, kuonda kwambiri, zilonda za kumsana ndi m'matako zobwera chifukwa chogonekedwa malo amodzi nthawi yaitali, ndi zovala zonyowa ndi mkodzo zosasinthidwa. Kwa mtsikana kapena mayi, zizindikiro zina ndi mimba yosadziwika mwini wake, matenda opatsirana pogonana, kutuluka magazi kapena kuvutika poyenda ndi pokhala.

Khalidwe nalo limasintha. Mwana amene anali wansangala amayamba kudzipatula, kulira usiku, kapena kuchita mantha akaona munthu wina wake. Mwana wa pasukulu yogonera pomwepo akhoza kukana kupita kwawo patchuthi, kapena kukana kubwerera kusukulu tchuthi ikatha. Chizindikiro chimodzi si umboni woti pachitika mlandu, koma ndi chifukwa chokwanira chofunsira ndi kudziwitsa adindo. Ntchito yofufuza ndi ya apolisi ndi achipatala, osati ya wonena.

Zimene malamulo amanena

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a mu 1994, m'gawo 20, amaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana, kuphatikizapo ulumali. Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la bungwe la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali. Gawo 16 la panganoli limalamula mayiko kuteteza anthu aulumali ku nkhanza, kaya pakhomo kapena kunja, ndi kuonetsetsa kuti milandu yotere ikufufuzidwa. Gawo 13 limanena kuti anthu aulumali azitha kupeza chilungamo mofanana ndi ena, ngakhale pokhala mboni.

Mu 1971 panakhazikitsidwa lamulo la Handicapped Persons Act, limene linabala bungwe la MACOHA. Mu 2012 panabwera lamulo la Disability Act. Malamulo awiriwa analowedwa m'malo ndi lamulo la Persons with Disabilities Act la mu 2024, limene linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Bungwe latsopanoli lili ndi udindo wolandira madandaulo okhudza kuphwanyidwa kwa ufulu wa anthu aulumali.

Kumenya, kuvulaza, kugwiririra, kuba munthu ndi kupha ndi milandu pansi pa lamulo la Penal Code. Gawo 138 la lamuloli limakhudza kugona ndi mwana, ndipo chilango chake chikhoza kufika pokhala m'ndende moyo wonse. Gawo 139 limateteza anthu amene ali ndi ulumali wa m'maganizo kwa ofuna kugona nawo.

Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 limapereka udindo wonena kwa achipatala, achibale, osamalira ana ndi anthu a m'mudzi. Amene ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa, watayidwa kapena wagwiriridwa ayenera kudziwitsa wapolisi kapena wa ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndipo kukhala chete ndi mlandu. Kuchokera mu 2017, mwana m'Malawi ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la mu 2006 limalola khothi kupereka chiletso choti wochita nkhanza asayandikire wochitidwayo, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Lamulo la Witchcraft Act la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Kumene nkhani imakanenedwa

Kupolisi. Apolisi amapezeka ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ndipo polisi yaikulu ya bomali ili pa Dedza. Apolisi a m'Malawi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit, imene anthu amangoti VSU, yolandira nkhani za nkhanza malo oduka mphepo. Kupereka dandaulo kupolisi n'kwaulere. M'midzi mulinso magulu achitetezo cha m'mudzi amene amagwira ntchito ndi apolisi, ndipo akhoza kuperekeza wodandaula.

Kuchipatala. Munthu wovulala kapena wogwiriridwa ayenera kupita naye kuchipatala msanga, kaya ku Mua Mission, kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena kuchipatala cha boma cha Dedza. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, otchedwa PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72 chigwiriridwire, ndipo amamwedwa masiku 28. Mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi nawo amagwira bwino akamwedwa mofulumira. Achipatala amalemba zimene apeza pathupi, ndipo chikalata chimenechi ndi umboni waukulu kukhothi. Ngati n'kotheka, wogwiriridwa asasambe asanapimidwe ndipo zovala zimene anavala zisachapidwe. Koma ngakhale atasamba kapena patapita masiku, apitebe kuchipatala. M'zipatala zina za boma muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a chisamaliro cha anthu amathandiza munthu pamalo amodzi.

Ku ofesi ya chisamaliro cha anthu. Ofesiyi ili pa boma la Dedza ndipo imagwira ntchito ndi alangizi oteteza ana amene amayendera midzi. Ndiyo imayenera kuona ngati mwana angapitirire kukhala pakhomo pamene akuzunzidwa kapena asamutsidwire malo otetezeka. Alangizi a zaumoyo a m'midzi nawo akhoza kulandira nkhani n'kuipititsa kumeneku.

Kusukulu. Mwana akhoza kuuza mphunzitsi amene amamukhulupirira, a gulu la amayi apasukulu kapena mphunzitsi wamkulu. Ngati wochita nkhanza ndi wogwira ntchito pasukulu pomwepo, nkhaniyo imapita kwa mlangizi wa maphunziro wa dera ndi kupolisi, osathera muofesi ya sukulu.

Pafoni. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza ana, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO mogwirizana ndi boma. Nambala ya 5600 ndi ya nkhani za nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Woimba akhoza kufotokoza nkhani ya munthu wina.

Kumabungwe. Bungwe la FEDOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali m'dziko muno. Ena mwa iwo ndi MANAD la anthu osamva, Malawi Union of the Blind la anthu osaona, APAM la anthu achialubino ndi PODCAM la makolo a ana aulumali. Mabungwewa samanga munthu, koma amathandiza kutsatira mlandu kuti usazirale.

Udindo wa mafumu

M'midzi nkhani zambiri zimayambira kwa mwinimbumba, ankhoswe kapena nyakwawa. Mafumu amathandiza kwambiri pa mikangano ya minda, kunyozana ndi kusamvana pa za kasamalidwe ka wachibale waulumali. Koma milandu monga kugwiririra, kuvulaza kwambiri, kuba munthu ndi kupha siweruzidwa pabwalo la mfumu. Imeneyi ndi ya apolisi ndi makhothi. Kulipitsa mbuzi kapena ndalama pa mlandu wogwiririra kumasiya wolakwa ali mfulu m'mudzi momwemo, ndipo masiku oyendera nkhani pabwalo amadya maola 72 amene akanateteza wogwiriridwayo ku kachilombo.

Dera la Kachindamoto lili ndi chitsanzo chodziwika cha mmene mfumu ingathandizire kuti nkhani zobisika zituluke. Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto, imene inalowa ufumu mu 2003, inatchuka padziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu. Inaimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalola maukwatiwa, ndipo inali ndi amayi ndi abambo m'midzi amene ankaidziwitsa mwachinsinsi za ana ochotsedwa sukulu. Ntchitoyi inali yokhudza maukwati a ana, koma inasonyeza kuti anthu amanena akadziwa kuti dzina lawo litetezedwa ndiponso kuti wouzidwayo achitapo kanthu.

Mmene nkhani imayendera

Wonena amafotokoza dzina la wochitidwa nkhanza, zaka zake, mudzi ndi mfumu yake, mtundu wa ulumali wake ndi njira imene amalankhulira. Amanenanso zimene zinachitika, tsiku ndi malo, amene akuganiziridwa, ndiponso ngati munthuyo akadali pangozi. Ndi bwino kusiyanitsa zimene waona ndi maso ndi zimene wangomva. Kulemba tsiku limene dandaulo laperekedwa ndi dzina la amene walilandira kumathandiza pamene nkhani ikuchedwa.

Mwachitsanzo, mayi wina akhoza kuzindikira kuti mtsikana wosamva wa nyumba yoyandikana nayo wagwiriridwa dzulo lake. Choyamba ndi kumuchotsa pamene pali ngozi ndi kumufotokozera, m'njira imene angamve, kumene akupita naye. Chachiwiri ndi chipatala, chifukwa cha maola aja. Chachitatu ndi polisi, kumene amalemba mawu a mtsikanayo kudzera mwa womasulira. Mfumu ikhoza kudziwitsidwa, koma ulendo wa kuchipatala sudikira bwalo.

Apolisi akamanga woganiziridwa, malamulo oyendetsera dziko amati apite naye kukhothi pasanathe maola 48. Khothi likhoza kumutulutsa pa belo mlandu ukadali m'kati. Anthu ambiri akaona woganiziridwa wabwerera kumudzi amaganiza kuti mlandu watha kapena kuti wina wadya ziphuphu, pomwe belo si kumasulidwa. Ngati wotuluka pa beloyo akuopseza mboni, zimenezo zimakanenedwa kupolisi ndipo belo ikhoza kulandidwa. Milandu yambiri imazengedwa kukhothi la majisitireti, koma ya kupha imapita ku Khothi Lalikulu. Pa milandu yogwiririra, khothi likhoza kumva umboni wa wochitidwa nkhanza popanda gulu la anthu.

Anthu osamva

Vuto lalikulu la munthu wosamva pokanena ndi chilankhulo. Omasulira chinenero cha manja ndi ochepa m'Malawi, ndipo m'mapolisi ndi m'zipatala zambiri mulibe wodziwa chinenerochi. Nambala za 116 ndi 5600 ndi zoimba ndi mawu, choncho munthu wosamva amafunika wina womuimbira. Buku loyamba lotanthauzira mawu a chinenero cha manja cha ku Malawi linatuluka mu 2021 kudzera mu bungwe la MANAD.

Pa Mua pali mwayi umene madera ena alibe, chifukwa pali aphunzitsi ndi ophunzira odziwa kulankhula ndi manja. Aphunzitsi a ana aulumali m'dziko muno amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort m'boma la Chiradzulu. Komabe womasulira amayenera kusankhidwa mosamala. Asakhale wachibale kapena mnzake wa woganiziridwa, ndipo ngati nkhani yachitikira pasukulu, womasulira achokere kunja kwa sukuluyo. Palinso anthu osamva amene sanapiteko kusukulu ndipo amalankhula ndi zizindikiro zimene amamvana ndi a pakhomo pawo okha. Kwa otere, amene amamva chilankhulo chawo akhoza kukhala yemweyo amene akuwazunza, kapena wofuna kumuteteza. Ofufuza amagwiritsa ntchito zithunzi, kuloza malo ndi umboni wa chipatala kuti asadalire munthu mmodzi.

Anthu achialubino

Kuyambira chakumapeto kwa 2014, m'Malawi munachuluka milandu yoba ndi kupha anthu achialubino ndi kufukula manda awo, chifukwa cha chikhulupiriro chabodza choti mafupa awo amabweretsa chuma. Mu June 2016 bungwe la Amnesty International linanena kuti anthu osachepera 18 anali ataphedwa kuchokera mu November 2014. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango posintha malamulo a Penal Code ndi Anatomy Act.

Boma la Dedza linakhudzidwa nalo vutoli. Mu February 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 anabedwa kwawo usiku m'bomali, ndipo mmodzi wa oganiziridwa anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mlandu usanazengedwe. Chaka chimenecho boma linagawa timakina tolira kwa anthu achialubino kuti aziitanira thandizo. Mu 2022 Khothi Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa mlandu wokhudza imfa ya mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018. Mwa iwo munali mchimwene wake, wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito m'chipatala. Mlanduwu unasonyeza kuti ngozi ikhoza kuchokera kwa wachibale kapena kwa munthu wolemekezeka, ndiponso kuti oterewa akhoza kuweruzidwa.

Pa nkhani za anthu achialubino, kunena kumafunika choipa chisanachitike. Alendo ofunsafunsa kumene mwana wachialubino amagona kapena njira imene amadzera popita kusukulu, munthu womutchula mnzake kuti "ndalama", ndi manda osokonezedwa, zonsezi zimakanenedwa kupolisi tsiku lomwelo. Kumana mwana wachialubino chipewa, zovala zophimba thupi ndi mafuta oteteza khungu pamene zilipo ndi kulekereranso, makamaka m'dera lotentha ngati la kunyanja, chifukwa dzuwa limayambitsa khansa ya pakhungu.

Zolepheretsa kunena

Cholepheretsa choyamba ndi kudalira. Ngati wozunza ndi yemwe amagula chakudya kapena kunyamula wodwala popita kuchipatala, banja limaopa kuti akamangidwa onse avutika. Chachiwiri ndi manyazi ndi mawu oti za m'banja sizituluka kunja. Chachitatu ndi kusakhulupiriridwa: munthu amene ali ndi vuto la kaganizidwe akanena, ena amati sadziwa chimene akunena, ndipo wosaona amafunsidwa kuti wamuzindikira bwanji wolakwayo, ngakhale kuti munthu amazindikirika ndi mawu. Malamulo saletsa munthu kukhala mboni chifukwa choti ndi waulumali.

Chachinayi ndi mtunda ndi ndalama. Mlandu umodzi umafuna maulendo angapo, a kupolisi, kuchipatala ndi kukhothi, ndipo paulendo uliwonse pamalipiridwa anthu awiri kapena atatu: wodandaula, womuperekeza ndi womasulira. Khothi likaimitsa mlandu kangapo, mabanja ena amatopa n'kusiya, ndipo mlandu umatha chifukwa chosowa mboni. M'nyengo ya dzinja mitsinje yotsika m'mapiri ikadzaza, midzi ina imavuta kutulukamo. Chachisanu ndi nyumba zimene zilibe njira yolowera njinga ya olumala.

Ngati dandaulo silinathandizidwe

Munthu amene wakanena koma osathandizidwa ali ndi kwina kopita. Akhoza kukaonana ndi mkulu wa polisi ya Dedza. Madandaulo okhudza khalidwe la apolisi amalandiridwanso ndi bungwe loima palokha la Independent Complaints Commission. Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a kusathandizidwa m'maofesi a boma, ndipo m'zipatala za boma muli oimira odwala olandira madandaulo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limafufuza kuphwanyidwa kwa ufulu wachibadwidwe, pomwe la Legal Aid Bureau limapereka maloya kwa anthu amene sangathe kulipira.

Kulemekeza wochitidwa nkhanza

Munthu wamkulu waulumali ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani yake. Womuthandiza amayenera kumufunsa chimene akufuna, kumuuza zimene zichitike, ndi kulankhula naye mwachindunji m'malo molankhula ndi womuperekeza yekha. Koma ngati ndi mwana, ngati moyo uli pangozi, kapena ngati munthuyo sangathe kudziteteza, nkhani imanenedwa ngakhale achibale akukana.

Dzina ndi chithunzi cha wochitidwa nkhanza siziyenera kufalitsidwa pa Facebook, pa WhatsApp kapena pamsonkhano wa m'mudzi. Wonena asakayambane ndi woganiziridwa, ndipo anthu asamulange okha, chifukwa kutero ndi mlandu ndiponso kumawononga umboni. Mlandu ukatha, wochitidwa nkhanza amafunikabe uphungu, kumaliza mankhwala, malo otetezeka ogona, ndipo ngati ndi mwana, kubwerera kusukulu.